Loya wa milandu ya ma torrent a mafilimu olaula ku America: ndampatsa nyenyezi 3 pa 5

Ndiyambe ndi mapeto kuti amene muli pa shifiti musavutike kuwerenga zonse: ofesi ya maloya imene inandiimirira ndikuipatsa nyenyezi 3 pa 5. Dzina langa silinatuluke mu mapepala a khoti, mlandu unatsekedwa, pamenepo anagwira ntchito ndipo sindingawanamizire. Koma ndalama zinapita, komanso luso lawo lenileni ndi lonenerera mtengo, osati kukatsimikizira jaji kuti siwe unachita, nde ngati mukuganiza kuti mupeza loya woti akaime mu khoti nkumakumenyerani nkhondo mpaka thukuta, ayi, si katundu amene akugulitsa ameneyo. Dzina la ofesiyo sinditchula, la kampani imene inasumira intaneti ya pakhomo pathu sinditchulanso, pepala limene ndinasaina pomaliza linandimanga pakamwa. Komabe maofesi oterewa alipo ambiri, ukangolemba nambala ya mlandu wako pa Google amabwera okha mndandanda ndipo malonjezo awo ndi amodzimodzi, ndiye zimene ndinaona inezi zikuthandizani posankha.

Ine ndine mayi wa Mvano, ndimagwira ntchito yosamala okalamba kuno ku Maryland, ndipo akaunti ya intaneti ya panyumba ili mu dzina langa sinanga ndine ndinali ndi credit yabwinoko nthawi imene timalowa nyumbayi. Pakhomo tilipo ine, abambo akunyumba, mwana wa achemwali anga amene anabwera kudzaphunzira, ndi anyamata awiri ochita lendi ku basement, password ya WiFi aliyense ali nayo mpaka alendo obwera kudzadya nsima Lamulungu. Kalata inachokera ku kampani yathu ya intaneti, yonena kuti alandira lamulo la khoti la federal loti apereke dzina ndi adilesi ya mwini IP address (nambala imene imazindikiritsa intaneti ya pakhomo) yakutiyakuti, ndipo ndikapanda kukatsutsa ku khoti pasanathe masiku 30 apereka basi. Kumbuyo anamatako pepala la mlandu, wosumiridwayo dzina lake John Doe, dzina longoikapo poti sakumudziwa, kutsogolo kwake nambala ya IP yathu. Mlandu wake kudawuniloda ndi kugawa mafilimu olaula pa BitTorrent popanda chilolezo cha eni ake. Ine wa bulauzi yoyera ndi duku uja kkkk, pano ndikuseka koma tsikulo manja amachita kunjenjemera.

Foni yoyamba ndi yaulere ndipo apa ndiwapatsa ulemu wawo. Anayankha msanga, mtsikana wa pa desiki anandifunsa nambala ya mlandu ndi tsiku limene kalata ikuthera, kenako a loya eni ake anandiimbira madzulo omwewo. Mawu awo oyamba anali oti mayi pumani kaye, uwu si mlandu wa polisi, palibe akubwera kudzakumangani, ndi mlandu wa ndalama pakati pa kampani ndi inu. Chachiwiri anati musawaimbire foni maloya a mbali inayo, panopa sakukudziwani, akungodziwa nambala, mukaimba ndiye mwadzipereka nokha ndipo chilichonse mungayankhule achilemba. Chachitatu, musafufute kanthu mu kompyuta iliyonse, musataye laputopu, musaphwanye hard drive, chifukwa jaji akadzamva kuti munawononga umboni mutalandira kalata amatha kungoganiza kuti munali ndi chobisa ndipo mlandu wakuvutani pomwepo. Zitatu zimenezi zokha zinali zokwana kundigonetsa tulo usiku umenewo, ndipo sanandilipiritse olo senti.

Anandifotokozeranso mmene eni mafilimu amagwirira anthu, sinanga ine torrent ndinkangoimva dzina. Akuti pa torrent sumatenga filimu pamalo amodzi, umatenga tizidutswa kwa anthu ambirimbiri amene ali nayo kale, ndipo nthawi yomweyo kompyuta yako nayonso ikugawira ena tizidutswa timene yalandira, nde kuti zimenezi zitheke aliyense mu gulumo amaona IP address ya mnzake. Makampani a mafilimuwa ali ndi makompyuta awo amene amalowa mu gulu lomwelo mwakachetechete, nkulandira kachidutswa kuchokera kwa iwe, nkulemba tsiku, ola ndi nambala ya fayilo ija amati hash. Sathamanga ayi, amasunga kwa miyezi mpaka mafilimu achuluke, lamulo limawapatsa zaka 3 zoti asume. Akakwana amakatsegula mlandu wa John Doe, nkupempha jaji kuti awalole kufunsa kampani ya intaneti kuti nambala iyi nthawi iyi inali ya ndani. Nchifukwa chake munthu wongoonera pa webusaiti kawirikawiri simumumva atasumiridwa chonchi, IP yake amaiona ndi mwini webusaiti yekha, pomwe wa torrent amakhala akuionetsa kwa aliyense komanso mwalamulo amatengedwa kuti akugawa, osati kungoonera.

Pa pepala la mlandu pali tebulo lina amalitcha Exhibit A, limeneli ndi limene linatsala pang'ono kuthetsa banja langa. Mizere yambirimbiri, mzere uliwonse uli ndi hash yaitali ya manambala ndi zilembo, dzina la webusaiti ya eni filimu, tsiku ndi nthawi mpaka masekondi. Funso loyamba la a loya atangoliona linali loti mnyumbamo muli amuna akuluakulu angati, akuti a mbali inayo akalandira dzina la mzimayi amayang'ana kaye amene akukhala pa adilesiyo. Ine maso anapita kwa abambo akunyumba. Iwo akuti amayi ine zimenezo ndizidziwira kuti, foni yangayi olo kuchita update amandichitira ndi mwanayu, koma mukudziwa mtima wa munthu wamkazi ukayamba kuganiza. Mwayi wake a loya anatiuza kuti nthawi za mu tebulomo ndi za UTC, osati za kuno, uchotse maola 4 nthawi yotentha kapena 5 nthawi yozizira kuti upeze nthawi ya ku Maryland. Tinakhala pa tebulo la kukhitchini ndi ma timesheet a kuntchito kwawo ndi bolopeni, mzere ndi mzere, ndipo yambiri imagwera pakati pa usiku iwo ali ku warehouse. A loya anachenjeza kuti umenewu si umboni wokwanira pa khoti chifukwa torrent imatha kumayenda yokha mwini wake ali kutali, koma wa pabanja unakwanira, tinayambanso kuyankhulana.

Tsopano za mtengo. Ndinalipira $1,500 kamodzi, iwo amati flat fee, ndipo pa webusaiti pawo amazilemba ngati ndalama imeneyi ikutengera mpaka kumapeto. Mu kontilakiti ya masamba angapo imene anatumiza kuti ndisaine pa foni ndi mmene ndinaona kuti ikungokhudza kukambirana ndi mbali inayo basi. Kukapempha jaji kuti aletse kampani ya intaneti kupereka dzina, chimene amati motion to quash, ndi ndalama ina pamwamba, ndipo iwo eni anandiuza kuti ma jaji ambiri amakana pempho limeneli nde ndingotayapo ndalama. Kumenya mlandu mpaka kumapeto anati ndiyambe ndaika $10,000 ndipo azidya pa ola, osawerengera katswiri wodzafufuza makompyuta a mnyumba yonse. Abale, werengani kontilakiti musanasaine, funsani kuti kodi akandibweretsera chisamani pakhomo mukhala mukadali loya wanga pa ndalama yomweyi kapena ayi, yankho lake alilembe mu imelo.

Manambala amene amakuopseza nawo ndi enieni, si bodza. Lamulo la copyright la ku America limalola mwini filimu kupempha kuyambira $750 mpaka $30,000 pa filimu imodzi, ndipo jaji akaona kuti unachita dala zimatha kufika $150,000 pa imodzi. Nde tangoganizani mafilimu 30, olo atakuwerengera mtengo wotsikitsitsawo ndi $22,500 kale, pomwe iwo kutsegula mlandu ku khoti la federal amalipira $405. Ukangokhala chete osayankha chisamani, jaji amagamula iwe kulibe ndipo ngongoleyo imakutsata mpaka ku malipiro. A loya anga manambala amenewa amawabwereza foni ina iliyonse, ndipo apa mpamene ndinayamba kuona kuti mantha anga akuwathandiza iwonso, osati a mbali ina okha.

Zimene sanandiuze ndinazipeza ndekha usiku ndikudikira gogo amene ndimamusamala kuti agone. Mu 2018 khoti la apilo la Ninth Circuit pa mlandu wa Cobbler Nevada linagamula kuti kungokhala mwini akaunti ya intaneti sikokwanira kuti munthu aimbidwe mlandu wodawuniloda, ndipo wosumiridwayo anali ndi nyumba yosamaliramo akuluakulu ku Oregon kumene okhalamo ndi alendo onse amagwiritsa intaneti imodzi, zofanana ndithu ndi pakhomo panga. Ku Seattle mu 2020 bambo wina wopuma ntchito ya upolisi anakana kulipira Strike 3 Holdings, kampani ya mafilimu olaula imene inamusumira, anamenya mlandu mpaka jaji Thomas Zilly analamula kampaniyo kumubwezera ndalama za maloya zoposa $47,000. Ndipo mu 2018 jaji Royce Lamberth wa ku Washington DC anakana kupatsa kampani yomweyo chilolezo chofunsa dzina, nkulemba poyera kuti ikutenga khoti ngati ATM. Nditawafunsa a loya za zimenezi anayankha bwino ndithu, sindingati ndi mbuli: akuti chigamulo cha Ninth Circuit chimamanga makhoti a kumadzulo monga California, Oregon ndi Washington, kuno ku Maryland jaji atha kuchiwerenga koma sichimumanga, akuti chigamulo cha Lamberth chinagwetsedwa pa apilo mu 2020, zimene ndi zoona, ndipo akuti bambo wa ku Seattle uja anapirira zaka akulipira maloya asanabwezeredwe kanthu. Zonse zoona. Koma bwanji osandiuza okha poyamba kuti ndisankhe ndikudziwa mbali zonse? Nyenyezi imodzi inachoka pamenepa.

Vuto lenileni la mlandu woterewu mnyumba ya Chimalawi ndi ili. Njira yodziyeretsera ndi kuloza chala amene anachita, ndipo amene anachita ndi mwana wako yemwe. Mwana wa achemwali uja anabwera yekha kuchipinda kwanga atamva kuti nkhani yafika kwa maloya, anakhala pansi pafupi ndi chitseko, akuti anti ndine, pepani, sindimadziwa kuti kuno amalondola. Ndipo ndikumumvetsa pang'ono, anakulira ku Ndirande kumene ukafuna nyimbo kapena filimu umangopita pa kashopu ka anyamata obena ndi memory card yako, a COSOMA akakwiya amapita kwa obenawo, palibe tsiku munthu analandirapo kalata chifukwa cha zimene wadawuniloda kuchipinda kwake. A loya anandiuza mosabisa kuti iwo akuimira ine ndekha, osati mwanayo, ndipo ndikafuna atha kuuza a mbali inayo kuti wochita ndi uje, ine nditsuke mmanja, koma akatero dzina la mwanayo ndi limene lilowe pa pepala. Mwana woti akadali pa sukulu, dzina lake lizituluka pa Google limodzi ndi mitu ya mafilimu amenewo, akafuna ntchito mawa abwana angolemba dzina nkuona. Achemwali anga kumudzi ndikanawauza chani? Kunama pa khoti kuti sindikudziwa amene anachita nakonso sikotheka, a loya anati zimenezo iwo sangaimirire ndipo ndi mlandu waukulu kuposa umene tili nawowu. Nde tinasankha kumvana kunja kwa khoti dzina lisanatuluke, mwanayo azindibwezera pang'onopang'ono ndi ganyu wake.

Za mapepala okhalira kuno ndinafunsa, sinanga ndi mantha oyamba a Mmalawi aliyense. Anangoti uwu ndi mlandu wa civil, si wa upandu, koma za immigration mukafunse loya wa immigration. Ndinakhumudwa panthawiyo koma ndi bwino kusiyana ndi kundinamiza pa zinthu zimene si gawo lawo.

Kukambirana mtengo ndiye kumene anaonetsa kuti ndi akatswiri, komanso kumene ndinawamvetsa bwino kuti ndi anthu otani. Mukukumbukira adobadoba a ku Road Traffic, amene amadziwa khomo lililonse, amadziwa kuti fayilo yako ikafika pa desiki iti imayenda, ndipo sangayambane ndi a mkatimo chifukwa mawa abweranso ndi kasitomala wina? Ndi mmene ndinawaonera. Loya wa mbali inayo amamutchula dzina loyamba, amadziwa kuti mtengo woyamba umene atchule ndi wongoopsezera, amadziwa kuti ukatumiza mapepala oonetsa kuti ulibe ndalama amatsika mpaka pati. Sindikuti amadyera limodzi ayi, umboni wa zimenezo ndilibe ndipo sindikuwaganizira, koma ndi anthu amene amakumana tsiku ndi tsiku pa milandu yofanana, ndipo ofesi yolandira flat fee imapindula mlandu ukatha msanga. Mtengo woyamba unali woti ndinachita kukhala pansi, womaliza unali wochepa kwambiri poyerekeza, nambala yake sindingatchule, ndipo analola kulipira mmagawo.

Kuti utsike chonchi umayenera kuvula zonse za mthumba mwako: ma bank statement, ma pay stub, tax return, lendi, ngongole ya galimoto, dzina ndi nambala ya akaunti atazifufuta ndi inki yakuda. Apa tinakangana ndi mnyamata wa mu ofesi mwawo amene amalemba fomu. Mwezi ndi mwezi ine ndimatumiza ndalama kumudzi, fizi ya ana awiri a malemu achimwene anga, mankhwala a shuga a mayi, nthawi ya dzinja feteleza, ndipo iye amaika zonsezi pa mzere wa mphatso, akuti si bilu chifukwa palibe akukukakamizani. Ndinamuuza kuti mwana wanga, ndikasiya kutumiza ana aja abwezedwa kusukulu Lolemba, ndi bilu kuposa ya magetsi. Zinatengera a loya eni ake kulowererapo, anandiuza kuti ndisonkhanitse malisiti a app yotumizira ndalama a chaka chonse ndi makalata a fizi ochokera kusukulu, nkulemba kalata yaifupi yofotokoza, ndipo anandiuza kuti zinathandiza kutsitsa. Nde ngati zakugwerani, malisiti amenewo musamafufute, ndipo muumirire kuti alowe pa fomu.

Ndisakhale ngati ndikuti opanga mafilimuwa alibe dandaulo. Zimene amapanga ine sindigwirizana nazo, koma lamulo la copyright silifunsa ngati filimu ndi ya ulaliki kapena yolaula, ndipo kamera, nyumba yojambuliramo ndi anthu osewera zonse zimalipidwa. Bizinesi yawo inagwedezeka kwambiri mawebusaiti aulere atabwera cha mma 2006 ndi 2007, Pornhub inayamba 2007 ku Montreal, anthu amangokweza mafilimu a eni ake mmenemo ndipo lamulo la DMCA la 1998 limangoti mwini webusaiti achotse akauzidwa, nde wachotsa lero mawa wina wakwezanso.  Ndiye makampani ena anasankha kuthamangitsa anthu a ma torrent mmodzimmodzi. Poyamba wotchuka anali Malibu Media, eni ake a X-Art, kenako kuyambira 2017 Strike 3 Holdings, eni ake a Vixen, amene amatsegula milandu masauzande pa chaka mu makhoti a federal. Chimene chimandiwawa ine ndi choti milandu imeneyi yochepa kwambiri ndi imene imafika poweruzidwa, yambiri imathera pa cheke, ndipo munthu amalemba chekeyo poopa manyazi, kaya anachita kaya sanachite. Atakhala kuti ndi filimu ya Rambo ndikanapita ku khoti ndi dzina langa osaopa, mwina mpaka kuuza azimayi anzanga kuti andiperekeze.

Ndipo manyaziwa alipo amene anawasandutsa mgodi mpaka kumangidwa. Maloya awiri a Prenda Law, Paul Hansmeier ndi John Steele, anatolera pafupifupi $6 miliyoni kwa anthu ndi makalata oopseza, kenako zinaululika kuti mafilimu ena amajambulitsa okha nkuwaika okha pa webusaiti ya ma torrent ya Pirate Bay kuti anthu adawunilode awasumire. Mu 2019 Hansmeier anagamulidwa zaka 14, Steele zaka 5. Ku UK nakonso abale athu a kumeneko mwina mukukumbukira ofesi ya maloya ya ACS:Law ya Andrew Crossley, imene mu 2010 maimelo ake anatayikira pa intaneti limodzi ndi mayina ndi ma adilesi a makasitomala masauzande a kampani ya intaneti ya Sky amene amaganiziridwa za mafilimu omwewa. Nchifukwa chake chinthu choyamba mutsimikize kuti kalata yanu ndi yeniyeni: ikhale yochokera ku kampani yanu ya intaneti, ikhale ndi nambala ya mlandu ndi dzina la khoti, ndipo nambalayo muipeze pa PACER, webusaiti ya mapepala a makhoti a federal, kumene amalipiritsa masenti 10 pa tsamba, kapena pa CourtListener kwaulere. Imelo yongobwera kuti lipirani lero ndi gift card kapena Bitcoin ndi akuba chabe. A loya anga kutsimikizaku anandichitira pa foni yoyamba ija, anaupeza mlanduwo pa kompyuta nkundiwerengera dzina la jaji.

Chondisangalatsa pang'ono, mu July 2025 Strike 3 inasumira Meta, eni ake a Facebook ndi WhatsApp, kuti ma IP address awo anadawuniloda mafilimu 2,396 pa torrent kuti aphunzitsire AI, ndalama zake zotha kufika $359 miliyoni. Meta inakana, ndipo mwa zina inati mwina ndi ogwira ntchito kapena alendo amene amadawuniloda zoonera okha pa netiweki ya kampani. Nditawerenga ndinaseka ndekha mu basi, eti kampani yonse ija yankho lake ndi lomwe lija langa la pa tebulo la kukhitchini, kusiyana kwake iwo ali ndi ndalama zokalinenera pamaso pa jaji.

Nyenyezi yachiwiri inachoka pa kusasamala. Ofesi imene ntchito yake yonse ndi kubisa manyazi a munthu, koma maimelo awo mutu wake amalemba dzina la kampani ya zolaulayo ndi mawu oti adult films poyera, nde foni ili pa tebulo kuntchito, mwana wa gogo amene ndimamusamala ali pompo, notification nkutulukira pa sikirini mxii. Ndinawapempha kuti asinthe, anasintha imelo imodzi, yotsatira anabwerezanso zomwezo mpaka ndinangotsegula imelo ina yapadera nkuzimitsa ma notification. Ukatha kulipira flat fee a loya eni ake amasowanso, umangoyankhula ndi achinyamata a mu ofesi amene amasinthasintha ndipo aliyense umayamba kumufotokozera pachiyambi. Masiku 30 aja atatsala pang'ono kutha panalibe wondiuza ngati kampani ya intaneti yaimitsidwa kupereka dzina kapena ayi, ndinachita kuimba mobwerezabwereza ndisanamve kuti zinakonzedwa kale, a mbali inayo anavomera kudikira. Chiganizo chimodzi pa meseji chikanakwana.

Mgwirizano womaliza anauwerenga nane bwino, mzere ndi mzere pa foni, ndipo anaumirira zinthu ziwiri zimene ine sindikanaziganiza: kuti ukhululukire aliyense wokhala pakhomo pathu, osati ine ndekha, kuopa kuti mawa angatembenukire mwanayo kapena anyamata a ku basement, komanso kuti ukhudze mafilimu onse a kampaniyo mpaka tsiku losaina, osati okhawo a mu tebulo lija. Ndalama zinadutsira ku akaunti ya ofesi yawo nde a mbali inayo sanaone cheke ya dzina langa. Mlandu unatsekedwa mwa njira imene amati with prejudice, kutanthauza kuti sangautsegulenso. Izi ndi zimene $1,500 inagula ndipo ndekha sindikanazitha.

Kodi ndingawatumizire munthu? Ngati wochita ali mnyumba mwanu ndipo mukufuna nkhani ithe dzina lisanatuluke, eya, ofesi yotere ndi imene mukufuna, bola muimbire ziwiri kapena zitatu kaye popeza foni yoyamba ndi yaulere, mufananitse mitengo, mufunse ngati loyayo ali ndi chilolezo choimira anthu mu khoti la dera lanu. Ngati mukudziwa mu mtima kuti pakhomo panu palibe anachita, mwina WiFi inali yotsegula kapena ndi wa lendi amene anasamuka kalekale, funsani loyayo molunjika kuti ndi milandu ingati yotere imene anaimenya mpaka kampani kuthawa popanda kasitomala kulipira, akayamba kuzungulira pitani kwina. Anga atafunsidwa anayankha ndi nkhani ya $150,000 ija.

Pakhomo pano anyamata a ku basement anatsegula akaunti yawoyawo ya intaneti mu dzina lawo, alendo ali ndi guest network imene ndimasintha password yake, ndipo laputopu ya mwanayo pulogalamu ya torrent inachotsedwa mlandu utatsekedwa, a loya atanena kuti tsopano mutha kufufuta. Pepala la khoti lotsekera mlandu ofesiyo inalonjeza kunditumizira, mpaka lero silinabwere, ndinakalitenga ndekha pa PACER ndi masenti 20.